Nyale yoyendera usiku pa njinga m'njira zafumbi: mmene ndimasankhira yabwino ndi ndalama zochepa

Ine ndimakhala chakumtunda kwa Bembeke, ku Dedza, ndipo katatu pa sabata ndimadzuka tambala woyamba asanalire, n'kumanga thumba la mbatatesi kapena dengu la kabichi pakaliyala, ulendo wa kumsika. Ndisanafike pamsewu wa tala wa M1 ndimadutsa kaye tinjira ta m'minda, kutsetserekera kudambo, kuwoloka kamlatho ka mitengo itatu, kenako chitunda chamiyala chomwe ngakhale masana chimafuna maso. Pobwerera, malonda akachedwa kutha, mdima umandipezanso panjira, chifukwa kuno mwezi wa Juni dzuwa limalowa isanakwane hafu pasiti faifi, ndipo likangolowa sipatenga nthawi kuti kude bii.

Zaka zinayi zapitazo ndinagula katochi pamsika wina, kolembedwa pakatoni kuti kamatulutsa ma lumen 5,000. Ndinakamanga pahandulo ndi mphira ya chubu. Sabata yoyamba kankawala mpaka anzanga kumasirira. Tsiku lina m'bandakucha, ndili pakati pa mtsetse wa kudambo ndi thumba lodzaza kumbuyo, kanangozima kamodzin'kamodzi, osayamba n'kuchepa mphamvu komwe. Tayala lakutsogolo linalowa m'chigwembe chomwe mvula inakumba, limu inapindika, mbatatesi zinamwazika m'udzu, ndipo dzanja langa lamanja linatupa moti ndinakhala masabata atatu osagwira khasu kapena handulo. Ndalama yomwe ndinkati ndapulumutsa pogula katochiko inapita yonse, kuwonjezerapo ya limu, ya masipoko ndi ya malonda a masabata atatuwo. Kuyambira pamenepo ndinayamba kufunsa, kuyesa ndi kutsegula nyale zakufa kuti ndione zam'kati. Zomwe ndikulemba panozi n'zimene ndimauza aliyense wa kwathu akandipeza ndikumanga nyale yanga.

Tiyambe ndi nambala ija imatikopa pakatoni. Lumen ndi muyeso wa kuwala konse kumene nyale ikutulutsa. Babu lakale lija la mawati 60 lomwe linkapachikidwa m'nyumba limatulutsa pafupifupi ma lumen 800. Nyale imodzi ya galimoto yamtundu wa halogen ikakhala pa dimu imatulutsa pafupifupi 1,000. Tsono mukaona katochi kotalika ngati chala kakuti kamatulutsa 5,000 kapena 10,000, ganizirani nokha ngati kangafananedi ndi nyale zisanu kapena khumi za galimoto. Matochi ambiri otsika mtengo amalembedwa kuti T6, kutanthauza kababu ka LED ka kampani ya Cree, ndipo kababu kameneko, kakakhala kenikeni n'kupatsidwa moto wonse umene kangathe kulandira, kamathera pafupi ndi 1,000. Nambala yoposa pamenepo pa kababu kamodzi ndi yongokometsera malonda.

Nanga tikufunika angati? Kwa ine, woyenda ndi katundu pa liwiro la makilomita 10 mpaka 15 pa ola, ma lumen 300 mpaka 500 enieni amandikwanira bwino lomwe. Anyamata okwera njinga zamagiya omwe amakonda kutsika mapiri mothamanga amafunika 800 mpaka 1,000, chifukwa pa liwiro la makilomita 20 pa ola njinga imadya mamita asanu ndi theka pa sekondi iliyonse. Mukaona chitsa chili mamita khumi kutsogolo, mwatsala ndi masekondi osakwana awiri kuti muganize, mugwire mabuleki, tayala ligwire pansi. Pafumbi kapena pamame siligwira msanga. Choncho lamulo langa n'lakuti liwiro lizitsatira pomwe nyale ikuthera. Nyale ikakhala yofooka, ndimachepetsa mwendo.

Chimene chimaposa nambala ndi mmene kuwalako kumagonera pansi. Apa m'pamene matochi ambiri a m'nyumba amalepherera ntchito ya njinga. Tochi anaipanga kuti iponye kadontho kowala kwambiri kutali, kuti muone chimene chikukuwitsa galu kuseri kwa khola. Panjinga kadontho koteroko kamakupwetekani. Maso amazolowera powalapo, ndipo m'mbali monse mumada kuposa mmene mukanadera. Kanjira kakakhota, mumakhotera mumdima. Nthambi yotulukira m'mbali, mbuzi yogona m'mphepete, mzere wa munda womwe walowerera m'njira, zonsezo mumaziona mutafika kale. Nyale yabwino ya m'njira zafumbi imayala kuwala ngati mphasa: kotambalala, kofanana, koyambira pafupi ndi tayala mpaka mamita khumi ndi asanu kapena kuposerapo, ndipo m'mphepete mwake kumazilala pang'onopang'ono.

Kuyesa kwake n'kosavuta, ndipo musachite manyazi kuyesa musanalipire, paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ine ndimati, "Achimwene, tayatsani tione kaye," kenako ndimaloza nyaleyo kukhoma kapena pansi pa benchi pomwe pali mthunzi, nditaima mapazi asanu. Ndikaona kabwalo kakang'ono kothobwa m'maso kozunguliridwa ndi mdima, ndimabweza. Ndikaona kuwala kwadzaza khoma, pakati powalirapo pang'ono, ndimapitiriza kucheza. Pali matochi ena okoka kumutu, oti mukakoka kuwala kumafupika kapena kutambalala. Ndinayesapo awiri. Mukawatambalitsa amayala bwino ndithu, koma mutu wake wosererawo umagwedera panjira yamabampu, umadzikoka wokha, ndipo fumbi ndi madzi zimalowera pomwepo. Ngati mulibe ina gwiritsani ntchito, koma kulungani tepi pamutupo kuti pasasunthe.

Yang'ananinso mtundu wa kuwala. Nyale zambiri zotchipa zimawala mobiriwira ngati moto wa wowotcherera zitsulo, ndipo m'sitolo zimaoneka zamphamvu. Kuno ku Dedza, komwe boma lake lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 ndipo nkhungu imagona m'madambo miyezi yozizira, kuwala koteroko kumabwerera m'maso ngati mwayang'ana nsalu yoyera. Kuwala koyera mofatsa, kopendekera kuchikasu pang'ono, kumandionetsa bwino kusiyana kwa dothi lofiira louma ndi matope, kapena mchenga ndi nthaka yolimba. Pakatoni pakalembedwa nambala yothera ndi K, ya pakati pa 4,000 ndi 5,000 ndiyo yofatsayo, pamene 6,500 kupita m'mwamba ndi yobiriwira ija.

Tsopano batire, pomwe pagona nkhani yonse. Nyale zambiri zotchaja zimagwiritsa ntchito batire la lithium lotchedwa 18650. Dzinalo likungonena kukula kwake: mamilimita 18 m'mimba, 65 m'litali. Batire lenileni la kukula kumeneku, ngakhale lopangidwa ndi makampani odziwika monga Panasonic, Samsung kapena LG, limathera pafupi ndi 3,500 mAh (muyeso wa moto umene batire limasunga). Ndiye mukaona lolembedwa 6,800 kapena 9,900 mAh, dziwani kuti akunamizani musanatulutse n'komwe ndalama. Katochi kandigwetsa kaja ndinakatsegula dzanja litapola, ndipo batire lake linali lolembedwa nambala yaikulu yoteroyo, koma m'manja linkapepuka ngati chitsononkho. Lenileni limalemera pafupifupi magalamu 45. Ngati wogulitsa ali ndi sikelo yaing'ono, kapena muli ndi batire lina lomwe mukulidziwa kuti ndi labwino, yerekezani. Kulemera pakokha sikutsimikizira kuti ndi labwino, koma kupepuka kumatsimikizira kuti ndi lachabe.

Pali kasamu kamodzi komwe kanandithandiza kwambiri. Nyale ya LED yabwinobwino imapereka ma lumen pafupifupi 100 pa wati imodzi. Batire labwino la 18650 limasunga mphamvu yokwanira mawati 10 kapena 12 kwa ola limodzi. Ndiye kuti nyale ya batire limodzi ikamawala ma lumen 1,000 enieni, pakangotha ola limodzi kapena kupitirira pang'ono yatha. Mukaitsitsa kufika pa 300 ikhoza kukusungani maola atatu kapena anayi. Katoni ikanena kuti ma lumen 2,000 kwa maola asanu ndi atatu pa batire limodzi, imodzi mwa nambalazo ndi yabodza, ndipo kawirikawiri zonse ziwiri. Ine ulendo wanga wa mumdima ndi wa ola limodzi ndi theka, choncho ndimafuna nyale yotha maola atatu pa mphamvu yapakati. Theka linalo ndi la tsiku lomwe tayala laphwa panjira, kapena la m'mawa wa Julayi pomwe kuzizira kumafooketsa batire kuti lisapereke zonse zomwe lasunga.

Mukafika nayo kunyumba musaikhulupirire msanga. Itchajeni mpaka idzaze, muiyatse pa mphamvu yomwe muziyendera, muiike panja pomwe pakupita mphepo, n'kuyang'ana nthawi pafoni. Muone zinthu ziwiri. Choyamba, yatha maola angati. Chachiwiri, chomwe kwa ine n'chachikulu kwambiri, yatha bwanji. Nyale yabwino imachenjeza: kabatani kake kamasanduka kofiira, kapena imatsika yokha n'kumawala pang'ono kwa mphindi zingapo kuti mupeze poima. Yoipa imangoti phethi, ngati ija inandiponya m'chigwembe. Yozima mwadzidzidzi isiyeni kunyumba, ana aziwerengera.

Pa kuyesa komweko muikhudze. Nyale yamphamvu imatentha, ndipo kutenthako kuyenera kutuluka. N'chifukwa chake ya thupi lachitsulo cha aluminiyamu imafunda m'manja ikayaka kwa mphindi khumi, ndipo kufundako ndi chizindikiro chabwino. Ya pulasitiki yokhayokha yomwe ikudzitama ndi nambala zazikulu, mwina siikuwala mmene ikunenera, mwina ikudziwotcha m'kati.

Funso lomwe anzanga amandifunsa kawirikawiri ndi lakuti agule ya batire lochotseka kapena lomatiriridwa m'kati. Kwa ife okhala komwe kulibe magetsi, kapena komwe amazimazima, ndimakonda lochotseka. Ndili ndi mabatire awiri: limodzi lili m'nyale, lina likutchajidwa pa sola yapakhomo masana. Batire la lithium limafooka likatchajidwa maulendo mazana angapo, ndipo likafooka ndimangogula lina, nyale n'kukhala yomweyo. Ya batire lomatirira imakhala yaing'ono, yosalowa madzi msanga, koma batire likafa nyale yonse yafa. Mukasankha yoteroyo onani polowetsa chaja. Ikhale yolandira chingwe chofanana ndi cha foni yanu, kaya USB-C kaya micro-USB, kuti musamasunge zingwe ziwiri, ndipo funsani ngati imayaka ili pachaja. Ina imatero, ndiye mukhoza kumangirira pawabanki pafelemu n'kuyenda usiku wonse. Amene amakonza mafoni ndi makompyuta m'matauni nthawi zina amagulitsa mabatire a 18650 ochotsedwa m'malaputopu akale. Ambiri mwa amenewo ndi enieni ngakhale atopa, ndipo ndaona ena akuposa atsopano abodza aja. Muwayese nthawi ngati mmene ndanenera.

Mabatirewa amafuna ulemu. Musawaike m'thumba limodzi ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo, chifukwa zitsulozo zikakhudza mbali zonse ziwiri batire limatentha mpaka kuyaka. Musawasiye padzuwa kapena pamwamba pa malata, musawatchaje pamphasa kapena pabedi, makamaka m'nyumba yaudzu, ndipo lomwe lang'ambika chikopa chake, latupa kapena likununkha, lichotseni m'nyumba.

Ena adzati bwanji osangobwerera ku dayinamo ya makolo athu. Bambo anga anali nayo pa Humber yawo, ndipo kulira kwake ikamakhuza tayala ndimakukumbukirabe. Ubwino wake ngwoti siifuna kutchaja. Koma imapereka mawati atatu okha, imaterereka tayala likanyowa kapena likapaka matope, ndipo imawala molingana ndi liwiro. Pachitunda chamiyala, pomwe mukupalasa pang'onopang'ono ndipo mukufunitsitsa kuona, ndi pomwe imafooka, ndipo mukaima imazima. Pamsewu wosalala ndi yabwino. M'tinjira tathu ikhale yothandizira chabe. Nyale za mabatire ogula aang'ono aja nazonso zimayenda, koma mukawerengetsa ndalama ya mabatire pa miyezi itatu mupeza kuti mukanagula yotchaja.

Chomangira pahandulo anthu amachiiwala, chonsecho ndi chimene chimayamba kuthyoka. Mahandulo amasiyana kunenepa. Njinga zathu zakale ndi zonyamulira katundu zimakhala ndi handulo yoonda, ya mamilimita 22 kapena 25, pamene njinga zambiri zamakono za m'mapiri pakati pake ndi 31.8. Chomangira chopangidwira handulo yonenepa chimagwedera pa yoonda, ndipo pabampu loyamba nyale imaweramira pansi kapena kuyang'ana kumwamba. Ngati n'kotheka pitani ndi njinga kogulako. Zomangira za sikuluwu zimagwira kuposa za kalamba ka rabala, koma zonse ziwiri zimakhazikika mukayamba mwakulunga chidutswa cha chubu chakale pahandulo, kawiri kapena katatu. Mukamanga, nyamulani tayala lakutsogolo n'kuligwetsa pansi kangapo. Nyale ikasuntha kapena ikaphethira, vuto mwalipezera pakhomo. Kuphethirako kumachitika batire likamadumpha m'kati, ndipo kumatha mukakulunga kapepala kozungulira batire kapena kukoka pang'ono kasipuling'i kake. Ine ndimamangiriranso kachingwe kuchokera kunyale kupita kuhandulo, kuti chomangira chikathyoka nyale ilendewere m'malo mogwera m'madzi pakamlatho paja.

Za mvula, yang'anani zilembo IPX. IPX4 ndiye kuti imapirira madzi owaza, ndipo imeneyo ndi yocheperapo yomwe ndingalandire. IPX6 imapirira madzi othira mwamphamvu, pamene IPX7 imatha kumira mita imodzi kwa mphindi 30. Popeza zolemba pakatoni taziona kale mmene zimakhalira, tsegulani muone ngati pali timphira tozungulira pomwe zidutswa zimakumana, ndiponso ngati kachitseko ka pachaja kamatseka zolimba. 

Ndalama zikakhala zochepa, ndipo kwa ambirife zakhala zochepa kwambiri chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtima umafuna kuthira zonse pa nyale imodzi yowala koposa. Ine ndimalangiza kugawa: nyale yapakatikati ya pahandulo, ndi ina yaing'ono yovala pamutu. Chifukwa choyamba mwachimva kale, imodzi ikazima ina ilipo. Chachiwiri n'chakuti zimaona mosiyana. Ya pahandulo ili m'munsi, ndiye mwala uliwonse ndi dzenje lililonse zimaponya mthunzi, ndipo mthunziwo ndi umene umakuuzani kuya kwa dzenje. Ya pamutu ili pafupi ndi maso, siionetsa mithunzi, njira imaoneka yosalala pamene si yosalala. Koma imapita komwe mwayang'ana, choncho imakuonetsani kuseri kwa khona handulo isanakhote, imakuonetsani maso a galu m'tchire, ndipo tcheni chikagwa manja onse awiri amakhala omasuka. Mu nkhungu yambiri kapena m'fumbi la galimoto yomwe yangodutsa, ya pamutu muizimitse, chifukwa imangowalitsa nkhunguyo pamaso panu. Ngati ndalama ikukwana imodzi yokha mwezi uno, yambani ndi ya pahandulo.

Foni musaiwerengere ngati nyale yachiwiri. Ndaona anyamata akutsika mtsetse dzanja limodzi pahandulo, lina litanyamula foni, ena ataiika kukamwa. Kuwala kwake sikufika patali, ndipo dzanja lomwe lagwira foni ndi lomwe likanagwira buleki.

Kumbuyo kukhale kanyale kofiira. N'kotsika mtengo kuposa zonse zomwe ndatchulazi, batire lake limakhalitsa, ndipo ngakhale ulendo wanu uli wa m'minda, penapake mudzakwera pamsewu waukulu. Pa M1 m'bandakucha pamadutsa malole ndi maminibasi, ndipo woyendetsa sangaone munthu wovala jekete yakuda ali ndi thumba lakuda kumbuyo. Samalani pomwe mwakamanga. Pansi pa chishalo kamabisika ndi katundu, ndiye ine ndimakamanga kumapeto kwenikweni kwa kaliyala, kapena pachingwe chomangira thumba, n'kubwerera m'mbuyo mapazi khumi kuti ndione ngati kakuoneka. Kofiira kakhale kumbuyo, koyera kutsogolo, musasinthanitse, chifukwa woyendetsa galimoto amadziwira mtunduwo ngati mukubwera kapena mukupita. Kakumbuyo kakhoza kumaphethira. Yakutsogolo isamaphethire m'njira yamiyala, imasokoneza maso, ndipo pogula pewani nyale zoti kuti muzimitse muyenera kudutsa kaye pa kuphethirako.

Chotsala ndi kuloza. Imikani njinga pabwalo usiku, muwerenge mapazi khumi kuchokera patayala lakutsogolo, muikepo mwala, ndipo pakati pa kuwala pagwe pamwalapo. Kenako mupatse mwana agwire njinga, inu mupite kutsogolo mukayang'ane ngati munthu wobwera. Ikakuthobwani, iweramitseni pang'ono. M'tinjira tathu timakumana ndi amayi osenza mitolo ya nkhuni kapena ndowa za madzi, ndi anzathu a makala omwe njinga zawo zalemedwa moti sangapatuke msanga, ndipo munthu wothobwa m'maso amaponda paliponse. Ndikaona munthu akubwera ndimatsitsa mphamvu kapena kuphimba nyale ndi chikhatho, ya pamutu n'kuyang'anitsa pambali, ndipo timapatsana moni: "Mwadzuka bwanji, mayi?" "Tadzuka, kaya inu, bambo. Zikomo potichepetsera moto."

Nyale yomwe ndili nayo pano ndi ya aluminiyamu, batire limodzi lochotseka, yolembedwa ma lumen 800, ndipo inandidyera ndalama yofanana ndi matayala awiri. Ndimayendera pa mphamvu yapakati, yonse ndimaitsegula pamtsetse wa kudambo pokha, kwa mphindi ngati zisanu. Madzulo aliwonse ndisanagone ndimapukuta galasi lake ndi kansalu konyowa, chifukwa fumbi lofiira la kuno likamatirira limadya kuwala osazindikira, ndimasintha batire, ndipo lomwe latuluka ndimaliika m'kabotolo ka pulasitiki kuti mawa likakwere pa sola.